Mtanda wa Ulemu

"Bwezeranipo mtandawo, amayi."

"Uti?"

"Umene mwachotsawo. Munaika itatu. Ndakuonani ndi maso angawa."

Abiti Jamali sanatembenuke n'komwe. Mtanda wa nsima uja anauika m'mbale ya mwana wawo wamwamuna, Clever, n'kuvundikira bwinobwino. Kenaka anakankha mbale inayo ndi chipande mpaka inagunda bondo la Fadila.

"Nyamula ukawapatse amuna ako. Ikazizira ayamba kulalika kuti kwa Abiti Jamali akamwini amadyetsedwa miyala."

Fadila anakhalabe chigwadire pakhomo pa khitchini, manja ali pamiyendo. M'mbalemo munali mitanda iwiri. Pambali pake panali kambale ka therere lopanda ngakhale tomato.

"Amayi, bambo aja alowa m'nkhuti atangochoka kumzikiti ku swala ya m'mawa. Akumba dothi, aliponda, aumba zidina za njerwa mazana asanu, dzuwa lake lomweli. Ndiye adye mitanda iwiri ngati mwana wa kusikelo?"

"Dzulo ndinawapatsa ingati?"

"Itatu."

"Inabwerako ingati?"

"Umodzi."

"Ndiye anadya ingati? Paja iwe unafika Folomu 2. Tiwerengere ife osaphunzirafe."

"Amasiya chifukwa cha ulemu, amayi. Mukudziwa bwinobwino."

"Ine ndikudziwa mbale. Mbale sinama. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anabwerapo a Zubairu kudzandiuza kuti sakukhuta?"

"Abwera bwanji? Mukakumana panjira inu mumalowa m'chinangwa, iwo m'nandolo."

"Ndiye ulemuwo umenewo. Ukufuna ndikakhale pampando pamaso pa akamwini anga, n'kumawerenga mbamu zimene akumeza? Asa! Ufa sutuluka pampopi, mwana iwe."

"Ndiye ndipatseni mafuwa anga, ndiziwaphikira ndekha."

Apa Abiti Jamali anatembenuka. Nkhani ya mafuwa inali chilonda chimene chinkatukusidwa mlungu uliwonse. Mwana wamkazi akangokwatiwa amadyera mumphika wa mayi ake, iye ndi mwamuna wake yemwe, mpaka tsiku limene mayiyo adzamuikire miyala itatu yophikirapo, kuti ayambe kusonkha moto wakewake. Ena amapatsidwa pakangotha mwezi. Ena amadikira kukolola. Abiti Jamali anasankha tsiku lawolawo.

"Ndinanena pamaso pa ankhoswe: uvuni ukapsa, mafuwa ndi ako. Nyumba ya malata ikufunika njerwa, osati milomo. Nyamula mbaleyo."

Fadila ananyamula.

Anamupeza Zubairu atakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa kanyumba kawo, matope atauma m'miyendo mpaka m'mawondo. Lamba anali atamuyala pamwala, akuboola chiboo chatsopano ndi msomali. Chinali chachitatu chiyambire ntchito ya njerwa. Pamene ankafika kuno kuchokera kwawo ku Ulongwe, atsikana a pamjigo ankanong'onezana kuti Fadila watola ng'ombe ya pangolo. Lero malaya a ng'ombeyo ankalendewera pamapewa ngati achita kuyanikidwa pampanda.

Fadila anamusambitsa m'manja, n'kuvundukula mbale. Zubairu anayang'ana mitanda iwiri ija kanthawi, kenaka anati, "Bisimila," n'kuyamba kudya.

"Lero mumalize," anatero Fadila.

"Ndimaliza ndikakhuta."

"Simukhuta, ndiye mumalize. Taonani kuno." Anatola timiyala tisanu n'kutindanditsa pansi. "Mwezi wa ukwati mbale inkabwera ndi isanu. Inu n'kusiya umodzi. Amayi anati akamwini amadya inayi." Anachotsa kamwala kamodzi. "Inayi ija mukusiyanso umodzi. Itatu. Lero iwiri. Tandiuzani, masamu amenewa akathera pati?"

Zubairu anaseka. Kuseka kwake kunali kusanasinthe, kungoti tsopano mano ankaoneka ochuluka kuposa nkhope.

"Akathera pa nyumba ya malata."

"Musaseke, bambo."

"Fadila, amalume anandikhazika pansi tsiku lobwera kuno. Anati, mphwanga, kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna. Mkamwini asamakule mwendo. Ndipo mbale ya apongozi isabwerere yoyera. Mkamwini wonyambita mbale amaimbidwa nyimbo pamtondo, nyimboyo n'kukafika kwawo iye asanafike."

"Amalume anuwo anaumbapo njerwa ndi mitanda iwiri?"

"Anaumba khumi ndi ziwiri, zokhalira nkhuku." Anasekanso. "Usadandaule. Mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda."

"Kabudula akatha amagula wina. Ine ndikagula kuti?"

Zubairu anamaliza mtanda woyamba, anapukuta therere lonse ndi mbamu yomaliza. Wachiwiriwo anauyang'ana monga munthu ayang'anira basi imene si yakwawo. Kenaka anavundikira mbale.

"Ndakhuta. Ukawathokoze amayi."

Fadila sanapite nayo mbale kwa amayi ake nthawi yomweyo. Analowa m'nyumba, anakulunga mtanda uja m'jumbo, n'kuubisa pansi pa ndowa. Chakumadzulo, popititsa madzi kunkhuti, anautulutsa. Zubairu anayang'ana uku ndi uku, anatsikira m'dzenje, nagwada kuseri kwa mulu wa dothi. Anaudya wopanda ndiwo, manja ali matope okhaokha. Fadila anayang'ana kumbali. Anali asanaonepo munthu wamkulu akudya choncho.

Mbale inabwerera yoyera masiku awiri. Woyamba kuzindikira sanali Abiti Jamali.

Clever, mchimwene wake wa Fadila, dzina lake lenileni anali Ahmed, koma dzinalo analisiya kusukulu pamodzi ndi sukulu yomwe. Ntchito yake inali kukhala pasitolo ya pamsewu, kumvera mpira ndi kulangiza akabaza za ndale. Msana wake, malinga ndi iye mwini, sunkalola kuwerama. M'mawa uliwonse ankamwera tiyi mtanda umene unkabwerera kuchokera kwa alamu ake, ataukazinga pamakala.

"Amao!" anafuula m'mawa wachitatu ali pakati pa bwalo. "Mkute wanga uli kuti? Dzulo kulibe, lero kulibe. Kodi pakhomo pano pafika fisi?"

"Fisi wake uti," anayankha Abiti Jamali mokweza, nkhope atalozetsa kunkhuti. "Akamwini athu ayamba kutsuka mbale okha. Sopo tisiya kugula."

"Alamu anga amenewo! Ku Ulongwe mbale amadya pamodzi ndi maluwa ake ojambula aja, eti?"

Amayi awiri amene ankadutsa ndi zidebe anaseka mpaka madzi kutayikira. Nkhuti inali pafupi. Fadila anamva kuti khasu lasiya kulira m'dzenjemo, kenaka linayambiranso, mwamphamvu kuposa kale.

Masana a tsikulo Zubairu anadya mtanda umodzi, winawo anauvundikira yekha, n'kugwira dzanja la mkazi wake.

"Mbale iyi ikafike mmene ililimu. Ukandibisiranso, ndikautaya kwa agalu iwe ukuona."

"Manyazi anapha lambe, bambo."

"Lambe analibe amalume."

Fadila anaima panjira pakati pa nyumba ziwirizo, mbale ili m'manja. Mbale ikabwerera ndi chotsala, mawa nsima ichepa. Ikabwerera yoyera, mwamuna wake aimbidwa nyimbo. Anayesa kupeza khomo lachitatu. Kunyumba kwa amayi ake, Clever anali atasonkha kale makala.

Lachisanu lotsatira, amuna akuchokera kumzikiti, anaima pamtengo wa mthethe pamene venda wa nandolo anapachika sikelo yake. Fadila ankadutsa pomwepo kuchokera kuchigayo, thumba la ufa lili pamutu. Anyamata ankasinthana kulendewera pa ngowe ya sikeloyo, kuseka ndi kunyozana.

"Alamu, tabwerani!" anaitana Clever. "Paja mwezi wa ukwati munakwana sikisite-sikisi. Tione ngati nsima ya amayi yakuyanjani."

Zubairu anakana, koma anamukoka. Anagwira ngowe ndi manja awiri, n'kupinda miyendo. Muvi unayenda, unanjenjemera, unaima.

"Fifite-faifi," anawerenga venda. Anagogoda galasi ndi chala. Muvi sunasunthe.

Kuseka kunazilala. Mkulu wina wovala mkanjo woyera anayang'ana mikono ya Zubairu, kenaka anayang'ana Fadila, kenaka pansi.

"Aaa, sikelo ya venda!" anatero Clever. "Imeneyi imaba ngakhale pa munthu. Onjezeranipo khumi, alamu, ndiye kulemera kwanu."

"Sikelo yanga siiba," anatero venda.

"Ndiye ndi yoyamba m'Machinga muno. Ndipimeni ine."

Clever analendewera. Anali atawonjezera makilogalamu anayi. Anthu anaseka, mpweya unabwerera. Zubairu naye anaseka, koma posiya ngowe ija anadzandira, n'kugwira mtengo. Anaima choncho, maso atatsinzina, ngati akumvetsera kanthu kakutali. Fadila yekha ndiye anaona.

Asanafike kunyumba, anapatukira m'munda wa chinangwa, anatula thumba, anatapa ufa makapu anayi n'kumanga pansonga ya chitenje. Ufa wake womwe, wa chimanga chimene anapalira yekha, koma ankautapa ngati wakuba.

M'mawa mwake anatola zidina zitatu pamzere wa zouma, anaziika kuseri kwa bafa, kumene mpanda unkatchinga. Anasonkha kamoto ka mapesi. Anaphika phala lolimba, anathiramo nsinjiro zimene anapempha kwa mnzake, n'kupita nalo kunkhuti m'chigubu cha madzi chodula pakamwa.

"Ichi chachokera kuti?" anafunsa Zubairu.

"Sichinachokere m'mbale ya apongozi anu. Amalume anu ananenapo za chigubu?"

Zubairu anaganiza. "Za chigubu sananene."

"Ndiye imwani. Osasiyamo."

Anamwa lonse, anakombeza ndi chala. Masiku anayi anayenda choncho. Fadila anayamba kukhulupirira kuti khomo lachitatu lija walipeza. Zidina zinakwana, ndipo Zubairu anayamba kuzituta pamutu, zisanu ndi chimodzi ulendo umodzi, kupita pamalo osanjira uvuni. Tsiku lachisanu kunalibe mphepo. Utsi unakwera chilili pamwamba pa bafa, wowongoka ngati mzati.

"Moto uwu ndi wa yani?"

Abiti Jamali anali ataima pampata wa mpanda. Sanakuwe. Akakwiya kwenikweni ankalankhula motsitsa.

"Ndi wanga, amayi."

"Wakupatsa mafuwa ndani?"

"Si mafuwa. Ndi zidina."

"Wayamba nzeru za ku Folomu 2." Anayandikira, anayang'ana mumphika. "Ufa wanga. Nsinjiro zopempha, kuti mudzi wonse udziwe kuti Abiti Jamali amamana akamwini. Fadila, ndinakubala ine kapena unachita kugwa mumtengo?"

"Bambo aja akutha, amayi. Simukuwaona?"

"Sindiwayang'ana. Ndi akamwini anga."

"Ndiye ndikuuzeni ine amene ndimawayang'ana. Nthiti zikuwerengeka. Akaimirira amaona mdima. Thumba lopanda kanthu siliima. Mwana wamwini ndi kasambe m'manja, wanu ndi kazingodya? Achimwene aumbapo chidina chingati?"

"Mchimwene wako ali ndi msana."

"Ali ndi msana, alibe manja? Pakamwa pokha ndiye pali bwino?"

Abiti Jamali anakankha mphika ndi phazi. Phala linakhuthukira m'phulusa, moto unalira, n'kuzima.

"Moto pawiri pakhomo limodzi, mwambo usanachitike. Ukudziwa chimene wachita? Wawasempha amuna ako. Clever wandiuza kuti mapazi awo ayamba kutupa. Ndimadabwa ine. Chikawachitikira chinthu, usadzaloze munthu. Wawapha ndiwe, ndi moto wakubawu."

Fadila anali asanamvepo kuti moto umatupitsa mapazi. Mwambowo unkaoneka ngati wabadwa m'mawa womwewo. Koma mapazi anali atatupadi. Iye mwini anawaona dzulo lake: atadina ndi chala pamwamba pa phazi, kadzenje kanatsala, osabwerera.

Mawuwo anamufika Zubairu asanaweruke. Anabwera masana akutsimphina, anakhala pansi pa mango, osamuyang'ana mkazi wake.

"Za chigubu zija zithe."

"Mwakhulupirira?"

"Kukhulupirira kapena ayi, mudzi wonse ukunena kuti ndimadya kawiri, kwa apongozi ndi kuseri kwa bafa. Ndinabwera kudzamanga banja kuno, osati kudzakhala nthano."

"Tiyeni kwanu. Tikwere basi mawa. Ku Ulongwe ndikakuphikirani pamoto uliwonse."

"Ndikafike ndikati chiyani? Ndathawa nsima yochepa? Akandiseka mpaka ana osabadwa." Anapukusa mutu. "Uvuni watsala pang'ono. Tiusanje, tiumate, tiutenthe. Mlungu umodzi. Ukatero mafuwa ndi ako, undiphikire mitanda khumi, ndidzanyambita ndi mphika womwe."

Fadila anavundukula mbale imene anabwera nayo. Munali mtanda umodzi. Kunena chilungamo, unali wokulirapo pang'ono kuposa ya masiku onse.

Zubairu anauyang'ana. Kenaka anaudula pakati ndi chala, mosamala, ngati munthu wogawa munda wamasiye.

Mlungu umenewo kunatentha modabwitsa. Nkhuku zinkayenda kukamwa kuli yasa. Masana aliwonse mitambo inkaunjikana pamwamba pa phiri la Chikala, yakuda kumimba, n'kumwazikanso madzulo osagwetsa kanthu. Abiti Jamali ankaiyang'ana m'mawa ndi masana. Zidina zosatentha zikanyowa zimabwerera kumene zinachokera.

"Kawauze amuna ako afulumire," ankatero. "Mvula siidikira mkamwini."

Uvuni unakwera. Unapitirira mutu wa munthu, unapitirira denga la khitchini. Lachitatu kunatsala mizere itatu yapamwamba, ndipo panafunika munthu woponya zidina kuchokera pansi. Abiti Jamali anachita kumugwira Clever pamkono kuchokera kusitolo.

Fadila ankatuta madzi okandira dothi lomatira. Pobwera ulendo wachinayi anaona mwamuna wake ali pamwamba, miyendo atatangadza, malaya atavula. Kumbuyo kwake kunali mtambo wakuda bii. Kuchokera pansi ankaoneka ngati chikombole chopanda dothi: mafelemu okhaokha.

"Tsikani mupume kaye!" anafuula.

"Zatsala pang'ono!"

"Musawasokoneze alamu anga," anatero Clever, thukuta lili kamukamu ngakhale anali atangoyamba kumene. "Ine ndikufuna ndikapeze mpira. Alamu, tiziponya ziwiriziwiri, tithane nazo. Gwirani!"

Ziwiri zoyamba Zubairu anawakha. Zachiwiri anawakha. Anawerama kuziika, ndipo poweramuka anaima chilili, manja ali m'malere, maso atatsinzina, monga anachitira pamtengo wa venda paja. Koma pamwamba pa uvuni panalibe mtengo woti agwire.

"Achimwene, dikirani!"

Zidina zinali zitachoka kale m'manja mwa Clever. Zinamugunda Zubairu pachifuwa. Sizinali zolemera kwenikweni. Mwezi wa ukwati akanaziseka. Anabwerera m'mbuyo phazi limodzi, phazi linalo linaponda mphepo.

Sanakuwe. Chimene Fadila anamva ndi phokoso louma, ngati nkhuni yothyoledwa pabondo.

Anamunyamula pa kabaza mpaka ku Ntaja, kumeneko anamutumiza kuchipatala chachikulu ku Liwonde. Fupa la ntchafu linali litathyoka. Namwino wina wachikulire, wa magalasi olendewera pachingwe, anamukweza pa mpando wa sikelo asanamugoneke. Anawerenga, anavala magalasi, anawerenganso.

"Fifite-wanu. Bambo wamtali chonchi?" Anatsina khungu la pamkono, anakoka chikope n'kusuzumira. "Magazi tayeza, matenda amene mukuwaganizirawo palibe. Munthuyu akudwala njala. Fupa silingalumikizane pa thupi lotere. Akapanda kudya, mwendo uwu sadzaupondanso, ndipo mwina si mwendo wokha. Mkazi wake ndani?"

"Ndine," anatero Fadila.

"Mumam'patsa chakudya mwamuna wanu?"

Fadila anatsegula pakamwa, koma anayankha ndi Abiti Jamali, amene anaima pakhomo, nkhope atalozetsa kukhoma kuti asayang'anane ndi akamwini awo.

"Adokotala, Mulungu ndi mboni. Chifikireni pakhomo panga, bambo amenewa sanamalizepo mbale. Pafupifupi tsiku lililonse chakudya chimachita kubwerera. Afunseni eni akewo."

Namwino anayang'ana Zubairu. "N'zoona?"

"N'zoona," anatero Zubairu.

Munalibe bodza ngakhale limodzi m'chipindamo. Fadila anafunafuna poti agwire, sanapapeze.

M'mawa mwake anabwerera kumudzi kukatenga mphika, zofunda ndi ufa. Ufawo anatapa amayi ake akuona, theka lonse la thumba, osapempha. Kenaka anapita kuseri kwa bafa. Zidina zitatu zija zinali pomwepo, zakuda mbali imodzi. Anazikulunga m'chitenje, n'kuziika pansi pa dengu.

"Mayi, mwanyamula miyala kapena?" anadandaula kondakitala pokweza dengulo.

"Eya."

Kuseri kwa chipatala kunali shedi ya odikirira odwala, amayi ambirimbiri aliyense ndi kamoto kake. Palibe anamufunsa Fadila kuti mafuwa wakupatsa ndani. Mayi wina wa ku Chikweo anangomusunthira mtolo wa nkhuni, n'kumugawira moto. Fadila ankaphika katatu patsiku: phala la nsinjiro, nsima ya nyemba, matemba akapezeka. Masiku oyamba Zubairu ankangolawa n'kusanza. Pofika tsiku lachisanu ndi chimodzi anayamba kufunsa yekha ngati phala lapsa.

Tsiku lachisanu ndi chitatu Fadila anaika mitanda isanu m'mbale. Kunja kunali kutada ngati madzulo, chikhalirecho anali masana. Zubairu anadya woyamba, wachiwiri, wachitatu. Anali pakati pa wachinayi pamene chitseko cha wodi chinatseguka.

"Odi kuno! Alamu, mwanenepatu!"

Clever analowa atanyamula nthochi zitatu. Kumbuyo kwake kunali Abiti Jamali. Anakhala pansi pafupi ndi khomo, chammbali, n'kupereka moni kudzera mwa mwana wawo.

"Uwafunse akamwini kuti adzuka bwanji."

"Akuti adzuka bwino," anatero Fadila, Zubairu asanayankhe.

"Uwafunse kuti adokotala akuti atuluka liti. Uvuni uja uli chiimire, wosamata. Anthu oti amalize akufuna zambiri. Mwina akanangobwera kudzalangiza Clever, atakhala pampando."

Fadila sanapereke uthengawo. Ankayang'ana dzanja la mwamuna wake. Linali litaima pamwamba pa mbale. Zubairu anameza mbamu imene inali m'kamwa, anamaliza wachinayi uja mwachangu ngati wakuba, kenaka anatenga mbale yovundikirira, n'kuphimba wachisanu.

"Ndakhuta," anatero motsitsa.

Abiti Jamali anasuzumira ndi ngodya ya diso.

"Waona? Ngakhale kuno. Mawa uphike inayi, ufa ukungowonongeka."

Clever anali atatambasula kale dzanja. "Poti watsala, nditha..."

"Ukaugwira ndikuthyola dzanjalo, ugone pabedi ilo." Fadila sanakweze mawu. Anaimirira. "Amayi, tulukani."

"Ukuti chiyani?"

"Tulukani. Amuna anga akudya."

"Ukundithamangitsa ine? Pamaso pa anthu? Mafuwa aja uiwale, mwana iwe. Uiwaliretu!"

"Ndili nawo kale. Ali kuseri uko, apsa bwino. Pitani mukawaone."

Mphezi inang'anima pawindo, bingu linagwedeza magalasi. Kenaka madontho a mvula anayamba kugwa pamalata, limodzilimodzi ngati miyala, kenaka onse pamodzi. Fungo la dothi lonyowa linalowa m'wodimo. Odwala amene akanatha kudzuka anadzuka kuti aone.

Abiti Jamali anathamangira pakhonde. Mvula inali itatseka mbali yonse ya kum'mawa, kuchokera kumtsinje mpaka kumapiri a kwawo.

"Njerwa zanga! Clever, njerwa zanga! Unafunditsa pulasitiki uja?"

"Ndimati ndifunditsa mawa, amao."

Fadila anatseka chitseko. Mawu a amayi ake anamira m'phokoso la malata. Anaganiza za uvuni uja, mizere yonse imene inadya mwamuna wake, ukusungunuka pang'onopang'ono kubwerera kunkhuti. Pa zidina zonse zija, zimene zinaona moto zinali zitatu zokha.

Anakhala pamphepete pa bedi, anavundukula mbale, n'kuiika pachifuwa pa Zubairu.

"Apita. Mbale iyi siibwerera kwa munthu. Woitsuka ndine."

Zubairu anayang'ana kuchitseko. Ananyema mtanda uja, anadya. Ananyemanso, anadya. Fadila ankawerenga mbamu, osachita manyazi. Utatsala kachidutswa konga dzira la nkhunda, dzanja lija linaimanso lokha. Kenaka linakankhira kachidutswako m'mphepete mwa mbale.

"Ndakhuta, Fadila. Walahi."

"Ndamva."

"Ndiye chotsa."

"Iyayi."

Anakankhira kachidutswa kaja pakati pa mbale, n'kupinda manja. Kunja mvula inkakulirakulira.

"Ine ndikhala pompano," anatero. "Tione amene ayambe kutopa, ine kapena amalume anu."